Madzi ndi dzimbiri pa mabawuti a keel: zoyenera kuona musanamange, ndi nthawi yoti keel ichoke

Ku Chipata kulibe nyanja, koma maboti a thanga amafika ndithu. Ena amangodutsa pa Great East Road ali pa thirela, kuchokera ku Kariba kupita ku Senga Bay kudzera pa Mwami ndi Mchinji. Ena ndi a anthu a konkuno, omwe amakawayandamitsa pa nyanja ya Malawi nyengo ya Mwera, kenako n'kuwabweza kuti adzagone kuseri kwa nyumba dzinja lonse. Ine ndine makanika, ndinakhalapo zaka zingapo ku Salima ndikukonza maboti, ndipo chibwerereni kwathu kuno funso limene eni maboti amandiimbira nalo foni ndi limodzi lomweli: "Bambo, pa manati akuluakulu aja a pansi pakumapezeka madzi. Ndingomangitsa?" Ndimayankha kuti dikirani kaye, ndipo zifukwa zake ndi izi.

Keel ndi chipsepse cholemera chija chopachikidwa kunsi kwa boti. Ndiyo imaletsa boti kugubuduzika mphepo ikakankha thanga. Pa maboti ambiri imalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a boti lonse, moti boti la mamita 8 limatha kunyamula keel ya makilogalamu 800 kapena 1,000. Katundu yenseyo amagwiridwa ndi mabawuti owerengeka chabe, omangidwa ndi manati akuluakulu aja m'mimba mwa boti. Akaduka, boti silikupatsani nthawi yokapa madzi, limatembenuka chadodolido nthawi yomweyo. Mu Meyi 2014 boti lotchedwa Cheeki Rafiki, pochokera ku Antigua kubwerera ku England, linataya keel pakati pa Atlantic ndipo amuna onse anayi amene anali m'menemo anamwalira. Ofufuza ngoziyo anati n'kutheka kuti kugunda pansi kangapo m'mbuyomo kunali kutafooketsa kale malo amene keel inagwira.

## Dziwani kaye keel yanu

Tengani maginito, ngakhale ya m'sipika yakale ya wailesi, muiike pa keel.

- Ikamata, keel yanu ndi ya chitsulo cha cast iron. Mabawuti ake kawirikawiri amalowa m'mazinga a m'chitsulomo, kapena amadutsa pa khosi lake lotambalala. Mutha kutulutsa limodzi, kuliona, n'kulibwezera, keel ili pomwepo.
- Ikapanda kumata, ndi ya mtovu. Mabawuti a keel zambiri za mtovu anamizidwa mtovuwo uli wosungunuka, ndipo kunsonga kwake ndi kopindika ngati mbedza. Satuluka. Pofuna kuwaona bwino, keel iyenera kusiyana ndi boti.
- Ngati m'mimba mwa boti mulibe manati konse, cholemeracho chinakutidwa m'kati mwa faiba (fibreglass, imene amaumbira thupi la boti) ya boti lenilenilo. Zambiri za m'munsimu sizikukukhudzani.

Chachiwiri, onani manati. Olembedwa A2 kapena A4 ndi a sitenilesi, ndipo A4 ndiye wolimbana ndi madzi koposa. Pano mpamene anthu ambiri amapusitsika. Sitenilesi sichita dzimbiri chifukwa mpweya umaipangira kakhungu kopyapyala koiteteza. Pamalo ponyowa koma posafika mpweya, kakhunguko kamatha ndipo chitsulo chimayamba kudyeka. Malo otero pa boti ndi pamene bawuti yadutsa m'faiba kulowa mu keel, pomwe diso silifika. Ndiye nati imatha kumanyezimira pamwamba, pamene masentimita ochepa pansi pake bawuti yatsala ngati pensulo. Zili ngati mtanda wa denga umene chiswe chamaliza m'kati, penti ali bwinobwino kunja. Madzi a nyanja zathu alibe mchere, choncho amadya pang'onopang'ono kusiyana ndi a ku Durban kapena ku Beira, koma ngati boti lanu munaligula litakhalapo pa madzi a mchere, musaiwale zaka zimenezo powerengera.

## Chizindikiro choyamba: madzi m'mimba mwa boti, mozungulira manati

Ili ndiye dandaulo la tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zambiri keel ilibe mlandu. Manati a keel ali pamalo potsika kwambiri pa boti lonse, choncho madzi alionse, kulikonse kumene alowera, amakathera pomwepo.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Mvula yolowera pamwamba: pa tsinde la mlongoti, m'mbali mwa mazenera, pa chivindikiro cha khomo, pa mabawuti ang'onoang'ono a pa denga la boti.
2. Thanki ya madzi akumwa, paipi yake, kapena mpope wa chimbudzi.
3. Mabowo ena a pansi pa boti: polowera madzi oziziritsa injini, pa shafuti, pa chiwongolero.
4. Guluu wa pansi pa washala kapena wa pakati pa keel ndi boti watha mphamvu.
5. Manati akhwepa chifukwa faiba ya pansi pa washala yaphwanyika n'kulowa m'kati.
6. Bawuti yadyeka ndipo keel ikusuntha.

Mabuku a kunja amati lawani madziwo, akakhala a mchere ndiye kuti alowera pansi. Kuno zimenezo sizigwira. Madzi a Kariba, a nyanja ya Malawi ndi a mvula onse ndi opanda mchere, komanso madzi ogona m'boti si oika m'kamwa. Njira yathu ndi ya ufa.

Kapani madzi onse, pukutani ndi nsanza mpaka pouma gwa, siyani zotsegula kuti mphepo ipite. Kenako wazani ufa woyera pang'ono mozungulira nati iliyonse, ndiponso mzere wina wa ufa chapatali, kutsogolo ndi kumbuyo, modula njira ya madzi otsika kuchokera kwina. Bwererani pakatha maola angapo. Madzi amasiya mapazi mu ufa. Mzere wakutali ukadulidwa, tsatirani njirayo chokwera mpaka mutapeza gwero. Ufa wa pa nati ukanyowa pamene mzere wakutali uli wouma, madzi akutuluka pa bawuti. Yesani kawiri: boti litangoima, komanso mutayenda nalo pa mphepo yamphamvu litapendekeka. Nati imene imauma boti likaima koma n'kumalira boti likapendekeka ikukuuzani kuti keel ikusuntha, ndipo nkhani imeneyo ndi yaikulu. Mukamaliza tsukani ufawo, ungatseke pampu yotulutsa madzi m'boti.

Boti likakhala pa thirela kuno ku Chipata, yesani mobwerera. Thirani ndowa ziwiri kapena zitatu m'mimba mwake mpaka manati atamira, mugone pambali muziyang'ana mzere umene keel yakumana ndi boti. Pakatuluka dontho kunjako, njira ilipo, ndipo pa nyanja madzi adzaitsata polowa. Mukatha kapani ndi kuumitsa.

Chochita: zoyambitsa zitatu zoyambazo konzani komweko, keel musaikhudze. Chachinayi, ngati ndi nati imodzi yokha, tulutsani boti m'madzi, liime pa keel yake, masulani nati imodziyo, chotsani washala, yeretsani, onani bawuti ndi tochi, pakani guluu watsopano, mangani. Dziwani kuti apa mwatseka madzi kuti asalowe m'boti, koma ngati akuchokera pansi, akadali mozungulira bawuti ndipo akupitiriza kudya. Muzitenga ngati kugula nthawi yofikira nyengo youma. Chachisanu, komanso chachisanu ndi chimodzi, zikufuna keel ichoke.

## Chizindikiro chachiwiri: dzimbiri

Dzimbiri la m'kati, pa manati ndi mawashala:

1. Madzi a mvula agona m'boti miyezi yambiri. Kuno ichi ndiye chofala. Boti limabwera kuchokera ku nyanja mu Seputembala, amalifunditsa lona, lonalo limang'ambika ndi dzuwa la Okutobala, mvula ikayamba mu Novembala madzi amadzaza m'mimba mpaka Epulo popanda wosuzumiramo. Ndaona mabawuti ambiri atawonongekera pa bwalo la nyumba kuposa pa nyanja.
2. Washala kapena mbale ya pansi pake ndi ya chitsulo wamba, pamene bawuti ndi ya sitenilesi. Yesani ndi maginito: pa chitsulo wamba imamata, pa sitenilesi ya A2 kapena A4 kawirikawiri simata.
3. Chinthu china chachitsulo chinagwera m'menemo n'kusiya banga: msomali, spana, chitini.
4. Bawuti yeniyeniyo ikudyeka kuchokera pansi.

Palani ndi burashi ya waya. Dzimbiri likachoka n'kusiya chitsulo chosalala, m'mbali mwa nati muli mwakuthwa monga kale, linali la pamwamba. Nati ikamasuwa zigamba, kapena mukaona timaenje takuda, isinthidwe, ndipo poisintha muone mazinga a pansi pake. Masulani nati imodzi, ibwerere, kenako ina. Musamasule ziwiri nthawi imodzi, ndipo musamasule ngakhale imodzi boti lili pa madzi.

Dzimbiri la kunja, lotsika ngati misozi kuchokera pa mzere wa keel ndi boti, limawerengedwa malinga ndi mtundu wa keel. Pa keel ya cast iron likhoza kukhala la keel yomweyo, penti atasuwa pa khosi pake. Palani, pakani epoxy (utomoni wolimba wosalola madzi), muone ngati libwerera pamalo pomwepo. Likabwerera moyang'anizana ndi bawuti, tulutsani bawutiyo muione. Pa keel ya mtovu palibe kukayika kulikonse. Mtovu sutulutsa dzimbiri lofiira. Chitsulo chokha chimene chili pamenepo ndi mabawuti, choncho misozi yofiirayo ndi bawuti imene ikudyeka. Boti limenelo lisapite pa nyanja mpaka keel itachoka.

## Chizindikiro chachitatu: mng'alu pa mzere wa keel ndi boti

Kawirikawiri umayambira kutsogolo n'kumapita chakumbuyo mbali zonse ziwiri.

1. Penti kapena pate wosalazira wang'ambika. Chitsulo ndi faiba sizifufuma mofanana pa kutentha, ndipo pate wolimba wa magalimoto sapirira zimenezo.
2. Boti linakhala molakwika pa thirela, kulemera konse kuli kumbuyo kwa keel kapena pa zogwirira za m'mbali.
3. Manati a kutsogolo akhwepa.
4. Boti linagunda mwala.
5. Pa maboti ena akale opanga anaika pulayiwudi m'kati mwa faiba, pamene keel yagwira. Ikawola imafinyika, ndipo manati amakhwepa ngakhale mumange kangati.

Lowetsani kampeni kopyapyala mu mng'alu. Kakangolowa pang'ono n'kugunda guluu wofewa, wopanda madzi, ndi za penti chabe: palani, pakani guluu wotanuka, pentani. Kakalowa kwambiri, kapena pakatuluka madzi patatha masiku boti lili pamtunda, madzi afika kwa mabawuti. Kuyesa kotsimikiza kumachitika pokweza boti. Lembani ndi pensulo pamene mng'alu wathera, uyezeni boti litakhala pa keel, muuyezenso litapachikidwa pa malamba keel ikulendewera. Mng'alu woyasama boti likakwera n'kutseka likatsika ndi keel yosuntha.

Cholakwa chimene ndimachiona chaka ndi chaka ndi kumata mng'alu wotere ndi nsalu ya faiba kuzungulira keel yonse. Pamaoneka bwino mwezi umodzi. Nsaluyo singanyamule tani ya chitsulo, ndipo choipa kwambiri n'chakuti imatsekera madzi m'kati ndi kubisa chizindikiro chokhacho chimene munali nacho.

## Chizindikiro chachinayi: mwagunda mwala, kapena mwayenda ulendo woipa pa msewu

M'mbali mwa zilumba za ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear muli miyala yobisika, ndipo ku Kariba kuli mitengo yomira. Keel ikagunda chinthu boti likuthamanga, nsonga yake ya pansi imakankhidwira kumbuyo. Pamwamba pake, kutsogolo kumakokera pansi, kumbuyo kumabaya m'mimba mwa boti. Anthu amathamangira kuona chipsera cha kunja pa keel, pamene kuwonongeka kwenikweni kuli m'kati, kumbuyo kwa nati yomaliza.

Zochita tsiku lomwelo:

- Chotsani matabwa onse a pansi, ngakhale omangidwa ndi masikuluwu.
- Onani nthiti zopingasa za boti pamene zamatidwa ku khoma. Funani ming'alu, faiba yoyera ngati yaphwanyidwa, kapena mpata pakati pa nthiti ndi khoma.
- Gogodani ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Faiba yabwino imalira mokweza, yolekana m'kati imalira mogonthera ngati dzungu.
- Onani ngati zitseko za makabati apafupi zayamba kukana kutseka.

Msewu nawo umachita zofanana, mwakachetechete. Boti lochokera ku Kariba limadutsa mapiri a pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Nyimba, ndipo dzenje lililonse limamenya keel kuchokera pansi. Keel izikhala pa thabwa lolimba pa thirela, kulemera kwa boti kukhale pa iyo, zogwirira za m'mbali zingoletsa kupendekeka. Mukafika Chipata, musanapitirire ku Mwami, kwerani muone manati ndi nthiti.

Mukapeza mng'alu pa nthiti, imani pomwepo. Kumanga manati sikuchiza nthiti yolekana, ndipo kukonza kwake kumafuna munthu wodziwa kumanga faiba ya maboti.

## Chizindikiro chachisanu: nati ikuchita zachilendo pa spana

Mangani manati boti litakhala pa keel yake pamtunda, ndi torque wrench (spana yoyeza mphamvu yomangira), pa mlingo umene opanga botilo analemba. Mlingowo umasiyana malinga ndi kunenepa kwa bawuti ndi mtundu wa chitsulo, choncho ufufuzeni wa boti lanu. Paipi yaitali pa spana ndi anyamata awiri si mlingo.

- Nati yazungulira pang'ono n'kugwira: zili bwino. Ilembeni mzere wa penti kuchokera pa nati kufika pa faiba kuti mudzaone ikasuntha.
- Ikungozungulira osalimba, washala akumira: faiba kapena pulayiwudi ya pansi ikuphwanyika.
- Ikungozungulira, bawuti ikukwera nayo: mazinga atha, kapena bawuti ikutanuka pamalo podyeka. Lekani msanga.
- Yakana kumasuka, ikulira n'kutentha: sitenilesi yagwirana yokhayokha. Mukaikakamiza mupotokola bawuti. Idulidwe m'mbali mosamala n'kung'ambidwa, mazinga a bawuti atetezedwe. Nati yatsopano ipakidwe mafuta oletsa kugwirana, ndipo kumbukirani kuti mazinga opakidwa mafuta amafuna mlingo wocheperapo.
- Bawuti yaduka: musadziimbe mlandu, inali itafa kale, ndipo yadukira malo abwino. Zinzake zakhala m'madzi omwewo zaka zomwezo, choncho zonse zionedwe.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: keel ikugwedera

Mukamva kugunda pansi pa mapazi boti likatembenukira mbali ina ya mphepo, kapena keel ikasuntha payokha muikankha ndi phazi boti lili pa malamba, palibe za kufufuza zoyambitsa. Mukakhala pa nyanja tsitsani matanga, aliyense avale jekete yoyandamitsa, pitani kumtunda ndi injini pang'onopang'ono. Boti lituluke tsiku lomwelo.

## Kuchotsa keel

Ndimalangiza kuchotsa keel pamene madzi akutuluka pa mabawuti oposa imodzi, pamene keel ya mtovu ikulira dzimbiri, pamene mng'alu ukuyasama n'kutseka, pamene bawuti yaduka kapena yotulutsidwa yapezeka yodyeka, komanso pa boti la zaka zoposa 25 limene palibe akudziwa ngati keel yake inaonedwapo. Pa dontho limodzi la mvula, ntchito imeneyi ndi kuwononga ndalama, ndipo keel yobwezeredwa mosasamala imadontha kuposa kale.

Timati kuchotsa keel, koma zoona zake keel imakhala pansi ndipo boti ndilo limakwera. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, pansi pali pouma. Pa dothi lonyowa la dzinja jeke ndi miyendo ya chimango zimamira mbali imodzi.

Zofunika:

- Simenti kapena nthaka yolimba, yosapendekeka.
- Kireni, kapena zimango ziwiri zachitsulo zokhala ndi macheni buloko, zoyezedwa kunyamula kuposa kulemera kwa boti. Nthambi ya mango, ngakhale yonenepa motani, isalowe m'nkhaniyi.
- Malamba otambalala, omangirizana kuti asaterereke.
- Khola la keel: chimango cha zitsulo chogwira keel mbali zonse ziwiri, chotambalala pansi. Owotcherera a ku Kapata, konkuno ku Chipata, amapanga zotere bwino mukawapatsa miyeso. Keel ikasiyana ndi boti imakhala ngati chitseko cha tani imodzi choimirira pa m'mphepete, ndipo ikagwa sipereka chenjezo.
- Mphero za mtengo wolimba, ndi waya wa buleki ya njinga womangidwa ku timitengo tiwiri.

Kachitidwe kake:

1. Tsitsani mlongoti, tulutsani mabatire, mafuta ndi katundu yense. Jambulani manati ndi foni, lembani nambala pa washala aliyense.
2. Boti likhale pa keel, keel ili m'khola lake, malamba akokedwe pang'ono chabe.
3. Palani penti ndi pate pa mzere wonse mpaka guluu aoneke.
4. Masulani manati onse, koma awiri, la kutsogolo ndi la kumbuyo, muwasiye pa mazinga ndi mpata wa chala chimodzi.
5. Kwezani boti mamilimita ochepa kuti kulemera kwa keel kuyambe kukoka guluu. Dikirani. Nthawi zina imalekana yokha patatha ola.
6. Ikasiya, chotsani manati awiri aja, kwezani boti molunjika mpaka mabawuti atatuluka, muliike pa zogwirira zolimba. Malamba okha si ogwirirapo ntchito pansi pake.

Keel ikakana: chofala ndi guluu wamphamvu monga 3M 5200, amene amatha kunyamula keel yonse popanda nati ngakhale imodzi. Chachiwiri ndi nati yobisika pansi pa mlongoti, pansi pa thanki kapena yokutidwa ndi faiba, choncho werenganinso. Chachitatu ndi mabawuti opindika kapena osalunjika amene akukola m'mabowo. Pa guluu, khomerani mphero za mtengo kuyambira kutsogolo, pang'ono uku pang'ono uku, kenako chekani ndi waya wa njinga uja anthu awiri akukokerana. Mphero zachitsulo ndi mgwala zimang'amba faiba. Moto musayerekeze: faiba imapsa, ndipo mtovu umasungunuka pa madigiri 327 a Celsius n'kutulutsa utsi wapoizoni. Dzanja lisalowe mu mpatawo nthawi ina iliyonse, ndipo ana akhale kutali ndi bwalo tsiku limenelo.

## Zimene mupeze keel ikachoka

Yeretsani bawuti iliyonse mpaka pamene yalowera mu keel. Yezani kunenepa kwake ndi veniya (vernier caliper) pamwamba pomwe pali bwino, muyezenso pa khosi pomwe inali m'faiba.

- Yofanana paliponse, yosalala, mazinga akuthwa: ibwerere.
- Yowonda pa khosi, ngakhale pang'ono pooneka ndi maso: yatha.
- Timaenje takuda ngati toboola ndi singano: yatha. Timaenjeti timakula m'kati kuposa pakamwa pake.
- Yopindika: inagundidwa. Musaiwongole ndi hamala.
- Yooneka bwino koma boti linagundapo: iyezedwe ndi mankhwala ofiira ofufuzira ming'alu, amene amalowa mu mng'alu wosaoneka n'kuuonetsa.

Onaninso boti lenilenilo. Mabowo akhale ozungulira, osatalika mbali imodzi. Faiba ya m'mphepete mwake ikhale youma ndi yolimba. Mukapeza pulayiwudi yakuda yonyowa, ichotsedwe yonse, pamangidwe faiba yokhayokha.

Pa keel ya cast iron, mabawuti atsopano akhale a mtundu ndi mphamvu zimene opanga anaika. Bawuti yonyezimira ya m'sitolo ya zitsulo ikhoza kukhala yongokutidwa kunja, choncho pitani ndi maginito ndipo werengani zolembedwa pamutu pake. Musasakanize nati ya chitsulo wamba ndi bawuti ya sitenilesi. Ngati za mtundu woyenera kulibe kuno, itanitsani ndipo dikirani.

Pa keel ya mtovu, mabawuti odyeka si ntchito ya pakhomo. Kuwotcherera chidutswa pamwamba pa bawuti yodyeka ndi kumene anthu ambiri amafuna kuchita, ndipo ndimakana nthawi zonse, chifukwa mfundo yowotchererayo imagwera pa khosi penipeni pamene katundu yense amakoka. Njira zoona ndi kuboola mtovu n'kuika mabawuti atsopano pambali pa akale, kapena kusungunula pamwamba pa keel n'kumiza ena, ndipo zonsezi zimafuna wodziwa kuwerengera kulemera. Fumbi la mtovu ndi poizoni: valani chotseka pakamwa, sesani monyowetsa, nkhuku ndi ana asafike.

## Kubwezera, ndi kudontha pambuyo pake

Palani guluu yense wakale mbali zonse ziwiri, pukutani ndi acetone (mankhwala ochotsa mafuta). Khosi la keel ya cast iron lipalidwe mpaka chitsulo choyera ndi kupakidwa epoxy tsiku lomwelo. Yesani kaye kutsitsa boti popanda guluu kuti muone ngati zikukhalana bwino. Kenako pakani guluu wa polyurethane wopangira pansi pa madzi, monga Sikaflex 291, wochuluka, ndi mkombero wonenepa kuzungulira bawuti iliyonse. Silikoni wa mazenera ndi phula la msewu sizigwira ntchito pano. Tsitsani boti, ikani mbale zotambalala pansi pa manati, mangani pang'onopang'ono modumphadumpha mpaka mlingo utakwana. Guluu atuluke mzere wonse popanda podukiza.

Ikadontha mutabwezera, zoyambitsa zake ndi izi: pamalopo panali chinyezi kapena mafuta, guluu anali wochepa, anauma khungu musanatsitse boti, zimene zimachitika msanga pa kutentha kwa masana, choncho yambani m'mamawa anthu onse ali pamalo awo, chubu chinali chitapitirira tsiku lake, kapena nati inazunguza bawuti guluu atauma kale n'kung'amba mkombero. Mukayenda ulendo woyamba pa mphepo, tulutsani boti muyezenso manati onse.

## Pamene muyenera kuitana katswiri

- Nthiti kapena khoma la boti lang'ambika.
- Keel ya mtovu ili ndi bawuti yodyeka, ngakhale imodzi.
- Bawuti yadukira m'kati mwa keel ya cast iron, kapena mazinga a mu keel atha.
- Mulibe chokwezera chimene mukudziwa mphamvu yake ndi nambala.
- Boti limanyamula alendo olipira kapena lili pa inshuwalansi. Pamenepo mufunika woyeza maboti amene adzakupatseni lipoti lolembedwa.

Anthu a ntchito imeneyi amapezeka kumene kuli maboti ambiri, monga ku Kariba ndi ku Monkey Bay. Atumizireni zithunzi za manati, za mng'alu ndi za mabawuti mutaika rula pambali, musanalipire ulendo wawo.

Boti likabwera kudzagona dzinja kuno, kapani madzi onse, tsukani m'mimba mwake, siyani matabwa a pansi otsegula. Lona likhale pa mtanda wokwera pakati kuti mvula itsetsereke. Mvula yaikulu iliyonse ikatha, wina akwere ndi tochi ndi chokapira madzi, ndipo mu Epulo, musanakoke thirela kupita ku Mwami, onani ngati mizere ya penti ija pa manati ikadali yolunjika.